Mbalame Zinasiya Kulira M'chipinda cha Ana

Nyumba yolandirira alendo pakhomo la paki ya nyama inali ndi chipinda cha ana. Ankachisamalira mayi wina wamfupi yemwe anzake ankamutchula Amabatani, chifukwa cha bolodi lalikulu la pakhoma: zithunzi khumi za mbalame, chilichonse ndi batani lake. Mwana akadina, mbalameyo inkalira.

Chaka china inayamba ndi njiwa kukhala chete, kenako nkhwali, mpaka zonse zii. Ana asukulu ankadina ndi chala, ena ndi chibakera, n'kuchoka atakwinya nkhope.

"Ndalemba makalata atatu ku likulu," anatero bwana woyang'anira paki. "Akuti ndalama zathera pa mpanda ndi matayala a galimoto yolondera."

"Nanga ana, bwana?"

"Ana sathyola mpanda, mayi. Njovu ndiye zimathyola."

Amene anapeza nzeru anali mlonda wa pakhomo, bambo wachikulire yemwe anayenda m'tchire zaka makumi atatu mpaka bondo linakana. Anaika mpando wake panja, pansi pa kazenera ka kuseri kwa bolodi. Mwana akadina, Amabatani ankakweza mawu: "Wadina nkhwali, eti?" Mlonda n'kulira ngati nkhwali yeniyeni. Ana ankakuwa ndi chimwemwe.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku likulu ali ndi tepi yoyezera. Anati chipindacho akufuna chikhale sitolo ya zipewa ndi makapu. Akuyeza khoma, anangodina batani la kadzidzi Amabatani asanakonzeke. Mlonda anangomva kudinako osamva dzina la mbalame, kenako kuseri kunamveka njiwa. Njiwayo inamaliza ndi chifuwa: khoso, khoso.

Mlendoyo anasuzumira pazenera n'kuonana maso ndi maso ndi mlonda. Amabatani anasowa poyang'ana.

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo," anayankha Amabatani ndi mawu otsika. "Mutikhululukire. Ana ena amachokera kutali, ndipo si tsiku lililonse nyama zimaoneka. Timafuna abwerere ndi kena kake."

Mayi wa ku likulu uja anakulunga tepi yake, n'kukhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'chifuwa.

"Ndikuuzeni zoona, achemwali. Mabungwe otithandiza amakonda kumanga zatsopano, adule riboni, ajambulitse. Zokonza zakale palibe amene amazifuna. Sindikulonjeza kanthu. Koma ndikapempha kuti pa tikiti iliyonse yolowera, kachigawo ka ndalamazo kazitsala kuno."

Yankho linatenga miyezi inayi, ndipo linabwera lochepa kuposa zimene anapempha. Sitolo anaiika pakhonde. Amabatani anaitana mlamu wake wokonza mawailesi, yemwe atatsegula bolodi anapukusa mutu.

"Alamu, muno mwadzaza dzimbiri. Denga lanu likudontha. Ndikakonza lero, mvula ikabwera mudzandiitananso, ndipo mudzati ndine wakuba."

Ndiye anayamba ndi denga. Ndalama zotsala zinakwanira mbalame zitatu zokha, ndipo mlamuyo anafunsa kuti ayambe ndi ziti. Amabatani anati zimenezo asankhe ndi ana. Kalasi yomwe inabwera Lachisanu inakangana mpaka aphunzitsi analowererapo, anati aliyense akweze dzanja kamodzi kokha. Kamtsikana kena kanakweza manja onse awiri posankha kadzidzi, ndipo aphunzitsi anachita ngati sanaone.