Munthu Wouluka pa Khoma la Achimwene

Ndinkatakasa njereza mu ndowa pang'onopang'ono, ngati ndodoyo ikundilemera. Inali itasungunuka kale, koma ndinangopitiriza. Bambo anali atalamula kuti khoma la chipinda chathu liyere dzuwa lisanapendeke, poti mawa lake anthu a kutchalitchi ankabwera kudzachita mapemphero okumbukira achimwene anga a Paxton, amene anafera mu mgodi ku Joni.

Zinali zaka za Chitaganya. Tinkakhala kuseri kwa sitolo ya a Chandrakant, pafupi ndi msika wa Lilongwe, komwe bambo ankagwira ntchito yotsitsa matumba. Mwana wa a Chandrakant, Dilip, ankalandira timabuku tazithunzi tochokera ku Salisbury, ta azungu amphamvu zodabwitsa, ouluka nsalu ikupepeluka kumsana. Akatopa nato ankapatsa achimwene. Tsiku lina achimwene anaponya kabuku pamphasa nati, "Onsewa akungopulumutsa mizinda ya eni. Kuno kulibe ovutika?"

Ndiye anayamba kujambula ngwazi yawoyawo, naitcha Chiphaliwali. Khoma analigawa timabokosi ndi makala. Utoto wawo unali dothi lofiira, mwaye ndi buluu wochapira zovala. M'bokosi loyamba Chiphaliwali ankazula lole yotitimira m'matope pa msewu wa ku Dedza. M'lina ankauluka pamwamba pa mlatho, mtsinje utasefukira, atanyamula mayi wina ndi dengu lake la matimati lomwe. Ana a kumsika ankasuzumira pazenera, kenako n'kumakajambula mphezi ya pachifuwa pake pa zipupa za anthu.

Uthenga wa maliro utafika, mayi Ursula a kutchalitchi analowa m'chipindamo, natuluka atagwira pakamwa.

"A Bauleni," anauza bambo, "munthu wouluka m'nyumba ya Mkhristu? Ouluka timawadziwa ife."

Mawuwo anayenda mpaka kumsika. Ena anati chithunzicho ndicho chinamuitanira tsoka mwanayo. Bambo sankalowa m'chipinda chathu, ankapita m'mamawa n'kubwera ali wefuwefu. Khomalo anangoliona ali pakhomo, nandituma kukagula njereza. Ine ndinangonyamuka kukagula. Kuyankha bambo kunali kwa achimwene, ine ndinali wongowagwirira makala.

Ndinayambira pa lole. Matayala anapita, matope anapita. Pa mayi wa dengu uja ndinachedwa kwambiri, ndikuzungulira matimati limodzilimodzi.

"Nebert!" Bambo anali ataima kumbuyo kwanga, fumbi la ufa lili m'tsitsi. "Ukupaka khoma kapena ukusambitsa khanda? Ku sekondale kuja amakuphunzitsani kugwira burashi ngati nthenga?"

Ndinayang'ana pansi.

"Bweretsa kuno."

Anandilanda burashi. Iwo sanazungulire kanthu. Mlatho unapita ndi dzanja limodzi, mtsinje ndi linalo. Njereza inkadontha pa mphasa ya achimwene. Kunatsala bokosi lalikulu la pakona, limene achimwene anamaliza kutatsala pang'ono kuti akwere basi yopita ku Joni. Mmenemo Chiphaliwali sankauluka. Anali atakhala pa thumba la chimanga, atavula chophimba kumaso, dzanja lili pabondo.

Ndinaona chala chaching'ono cha bambo, chopindika chija chimene chinathyoka ndi belo la nsalu, chikudutsa pamwamba pa chala chopindika cha Chiphaliwali pakhoma. Sanaone. Anapaka dzanja, anapaka chifuwa, kenako nkhope. Anaponya burashi mu ndowa napukuta manja m'kabudula.

"Basi. Mwana wanga agone, anthu asiye kumutchula zoipa."

Anatembenuka kuti azituluka.

Njereza ikakhala yaiwisi siibisa msanga, imayera ikamauma. Nkhope ija inkaonekabe pansi pake ngati munthu ali m'nkhungu, koma m'mphepete munali mutayamba kale kuyera. Ndinamva mawu anga akutuluka, okwera kuposa mmene ndinayankhulirapo m'nyumba imeneyo.

"Bambo, uyu si mfiti. Ndinu."

Anaima pakhomo osacheuka.

"Achimwene ankakuonerani pazenera mukutsitsa matumba pa lole. Ankati mu Nyasalande monse mulibe wonyamula ngati inu. Chala chopindikacho n'chanu. Chipsera cha pachipumi n'chanu. Kuuluka kokhako ndiko anawonjezera, ankati miyendo yanu yatopa. Mwamvera mayi Ursula, koma ine amene ndinkagwira makala simunandifunse, nanenso ndangokhala chete mpaka mwamaliza. Tembenukani msanga, bambo. Njereza ikuuma."