Filimu Yotoledwa Kuseri kwa Bafa

Ndikuponyereni ndagi inu owerenga, tione ngati sukulu inakupindulirani. Makutu ndi a bulu, khosi ndi la tambala, koma nyimbo iliyonse imene amalira ndi ya eni. N'chiyani? Mwati wailesi? Mwaphonya, wailesi imatchulako dzina la woyimba. Ndipatseni mbuzi ndikuuzeni: ndi Vincent, mwana wa mlongo wanga Lameck, wa kuno kwa Mauwa.

Ine ndine Albertina, azakhali ake. Sukulu ndinalekezera sitandade 2, tsiku limene aphunzitsi anandipezerera ndikutsanzira kayendedwe kawo kutsogolo kwa kalasi. Kuyambira pamenepo sukulu yanga ndi khonde.

M'chaka cha 2008 Vincent anayamba kusowa Lachitatu lililonse. Amakwera minibasi ulendo wa ku Limbe, kukalowa m'kanyumba ka makompyuta kamene amati intaneti kafe. Kumeneko amavala zotseka makutu ngati woyendetsa ndege, n'kumamvera mayi wina wa kutsidya kwa nyanja akuphunzitsa kalembedwe ka filimu. Akabwerako mapewa amakhala atafika m'makutu.

"Azakhali, izi simungazimve," anatero tsiku lina. "M'kalasi mwathu muli wa ku India, wa ku Canada, ndi ine. Tonse timamva nthawi imodzi. Mphunzitsi amandikonda kwambiri."

"Amakuona nkhope?"

"Ayi, amangoona dzina."

"N'chifukwa chake," ndinatero.

Tsono mnyamatayu anali ndi chibwenzi, Angela woyimba kwaya, mtsikana wa mano oyera ndi mutu wogwira. Mwini mbumba kwawo kwa Angela anali amalume ake, a Bonifasio, akatekisiti opuma, munthu woti akatsokomola nkhuku zimasiya kupalasa. Iwo atamva za Vincent anatumiza mawu.

"Mkamwini timamuonera pakhasu. Uyu akuti khasu lake ndi bolopeni. Chabwino, Lamulungu lachitatu kuchokera lero abwere adzationetse mzere umene walima. Tikakhutira, ankhoswe abwere. Tikapanda kukhutira, Angela ali ndi ena omufuna."

Vuto linali lakuti m'kope la Vincent munali dzina lake lokha, lolembedwa kanayi mosiyanasiyana. Ndinaliona ndikusesa. Koma Lachitatu lotsatira anabwerako akuimba mluzu. Anati mphunzitsi wawauza chinsinsi chachikulu: pitani mukamvetsere mmene anthu enieni amayankhulira, muzilemba.

"Kenako anati chiyani?" ndinafunsa.

"Kenako magetsi anazima. Koma zotsalazo ndimazidziwa kale."

M'mawa mwake tinali pakhonde ndi mnzanga wakalekale a Habiba, tikusenda nandolo. Tili mkati modya miseche ndinaona nsapato ziwiri zosongoka kunsi kwa mpanda wa bafa. Bafa langa ndi la udzu, munthu ukaima mkati mapazi amaonekera. Munthu wosamba savala nsapato, komanso madzi salira ngati pepala. Ndinawatsina a Habiba n'kuwalozera ndi mlomo.

Madzulo ndinamupatsa mpata Vincent, mwini nsapatozo. "Filimu ikuyenda, mwanawe?"

"Ikungotuluka m'mutumu ngati madzi a pamjigo. Zinthu zimenezi zimafuna ophunzira, azakhali. Inu zanu ndi nandolo."

Akanangoti azakhali ndithandizeni, ndikanamupatsa nkhani khumi ndi basera pamwamba. Koma anati zanga ndi nandolo.

Tsiku linzake nsapato zitafika pamalo pake, ndinakonza pakhosi n'kuyamba mokweza, ngati ndikuuza a Habiba.

"Kodi mukukumbuka za Mateyu? Atangolowa chikamwini, anabwereka buluku loyera la akhuki a ku mishoni, ophikira ansembe aja, kuti akaoneke bwino ku Misa. Ali m'kanjira ka kudambo anaona apongozi ake aakazi akubwera atasenza mtsuko. Masiku amenewo mkamwini sankaonana maso ndi apongozi, ayi ndithu. Mateyu sanayang'ane kawiri, anangodziponya patchire. Tchirelo linali la chitedze chouma."

"Ogo," anatero a Habiba, akudziwa kale kumene ndikupita.

"Apongozi anamva tswatswa, n'kudziwa kuti ndi mkamwini. Nawonso anali mayi waulemu. Anatula mtsuko, n'kugwada chofulatira, kudikira kuti mkamwini adutse. Mateyu m'chitedze akudikira kuti apongozi adutse. Uyu akudikira uyo, uyo akudikira uyu. Chitedze chokha ndicho sichinadikire. Belu la Misa linalira, linaliranso. Mapeto ake Mateyu anatumphuka ngati gwape, buluku atalisiya pachitsamba, liwiro la ku mtsinje wa Mombezi akufuula kuti, 'Pepani amayi, musacheuke.' Madzulo buluku linafika kunyumba litakolekedwa kunsonga ya nsungwi, apongozi atanyamula okha ngati mbendera."

Kuseri kwa mpanda bolopeni imathamanga ngati nayonso yagwa m'chitedze.

Inu owerenga ndikuuziranitu: kunalibe Mateyu. Mateyu anali a Bonifasio. Nkhaniyi inachitika Vincent asanabadwe, ndipo chikhalireni iwo akatekisiti palibe anaitchulapo poyera. Akuluakulu tonse timaidziwa, koma timaisunga ngati mankhwala a makoswe, pamwamba pomwe ana sangafike.

Nsapato zitachoka a Habiba anandinong'oneza. "Amwali, mupha ukwati wa mwana."

"Akabwera kudzandifunsa kuti Mateyu ndani, ndimuuza."

Ndinadikira masabata awiri. Sanabwere. Amangondidutsa ndi mapepala otayipa ku Limbe, atawakumbatira ngati khanda la ubatizo.

Lamulungu lija titatuluka m'tchalitchi tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango kwa amake Angela. Kamera kunalibe, choncho Vincent anagawa mapepala kwa anzake a kwaya kuti aliyense awerenge mbali yake. Fortune woimba besi anakhala Mateyu, Tracy anakhala apongozi. Anthu anabwera ambiri, ena ndi mipando yawo. A Bonifasio anakhala patsogolo, jekete lakuda, ndodo pakati pa miyendo. Angela anakhala pamphasa pambali pa amake, maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Tisanayambe," anatero a Bonifasio, "nkhaniyi mwaitenga kuti, achimwene?"

Vincent anagogoda chipumi chake ndi chala. "Umu, amalume. Liwu lililonse. Kunja amati luso lobadwa nalo. Palibe munthu anandithandiza, ndipo kuno palibe angathe."

"Mukutsimikiza?"

"Pamaso pa anthu onsewa."

Ndinayang'ana Angela n'kuona kuti masewera angawa akhoza kuliza mwana wosalakwa.

Vincent anaimirira n'kuwerenga ndi mawu a muulutsi wa nkhani. "Panja. Njira ya kudambo. Masana. Mateyu akubwera atavala buluku loyera lobwereka kwa akhuki a ku mishoni."

Agogo ena kumbuyo anatsamwa popanda chimene adya. Amake Angela anakokera mpango kukamwa. Achinyamata okha ndiwo amamvera bwinobwino, osadziwa kanthu. Fortune anadziponya m'maluwa a pabwalo, Tracy anagwada chofulatira ndi ndowa pambali pake. Anthu anayamba kuseka, ana poyera, akuluakulu m'mimba. Ndinaba diso kuyang'ana a Bonifasio. Nkhope inali gwa ngati chitseko cha tchalitchi, koma dzanja lawo linali litatsika lokha, likukanda ntchafu pang'onopang'ono.

Fortune atatumphuka akufuula "Pepani amayi, musacheuke," a Bonifasio anamenya ndodo pansi.

"Achimwene, munabadwa chaka chanji?"

"Eite faifi, amalume."

"Izi zinachitika sikisite naini. Mateyu wanuyo ndi ine."

Vincent anatsitsa mapepala.

"Tsono pali njira ziwiri," anapitiriza a Bonifasio. "Ngati zatulukadi m'mutu mwanu, ndiye kuti mumaona zinthu musanabadwe. Munthu wotere dzina lake timalidziwa, ndipo mbumba yanga sindingaipereke kwa iye. Ngati munachita kumva, nenani kumene munamva. Sankhani."

Vincent anayang'ana kumwamba, mu mtengo munalibe yankho. Anayang'ana Fortune, Fortune anali kalikiliki kuchotsa zisoso pamalaya. Kenako anayang'ana Angela. Mtsikanayo anadzutsa mutu.

"A Vincent, ine mfiti sindikwatiwa nayo," anatero mofatsa. "Wabodza woulula ndikhoza kumuganizira."

Mnyamata anayankha chapansipansi. "Ndinamva kwa azakhali."

"Kwezani mawu, pajatu mumawerenga ngati wailesi."

"Kwa azakhali a Albertina."

"Anakukhazikani pansi n'kukuuzani?"

"Ayi. Ndinali m'bafa."

"Mumasamba?"

"Ndimalemba."

Mayi wina anagwa chagada pamphasa. A Bonifasio anakweza ndodo kuti anthu adikire, n'kutembenukira kwa ine.

"Albertina, iwe sunasinthe chichokereni ku sitandade 2."

"A Bonifasio, ine ndimangosenda nandolo pakhonde panga. Zanga ndi nandolo, funsani mwiniwakeyo."

Ndinaona kumapeto kwa ndevu zawo kukugwedera. Anatenga mapepala m'manja mwa Vincent, n'kuvala magalasi, n'kuwatembenuza limodzilimodzi ngati akufunsa katekisimu.

"Buluku la akhuki, la ndani ili?"

"La azakhali."

"Mtsuko?"

"Azakhali."

"Nsungwi?"

"Azakhali."

"Mphunzitsi wanu wa kunjayo ndiye anakuuzani kuti muzibisala m'mabafa a anthu n'kumati zatuluka m'mutu?"

"Anati tizimvetsera anthu. Kenako magetsi anazima."

"Anazimira m'mutu momwe," anatero a Habiba kumbuyo.

"Nanga m'mapepala onsewa, chanuchanu n'chiti?"

Vincent anafufuza tsamba loyamba, lachiwiri, n'kubwereranso loyamba. Analoza ndi chala pamwamba penipeni. "Apa. Pamene palembedwa kuti masana."

A Bonifasio anavula magalasi. "Kunali m'mawa. Ndani amapita ku Misa masana?"

Apo ndiye bwalo linaphulika. Agogo aja anatsamwa aja amalira misozi, a kwaya atagwirana mapewa, amake Angela atagwira nthiti. A Bonifasio nawo anagonja, anaseka mpaka ndodo inagwa, kuseka kwa zaka makumi anayi kotulukira tsiku limodzi. Atapeza mpweya anapukuta maso ndi mpango wa m'thumba.

"Amene wapirira manyazi otere osathawira ku Mombezi akhoza kukhala mkamwini. Ine ndinathawa. Ankhoswe abwere Loweruka. Koma filimuyi ikadzajambulidwa, dzina la Albertina likhale pamwamba, lanu pansi, pafupi ndi la buluku."

Vincent anayesa kuwongola kolala kuti anenepo kanthu. Asanatsegule pakamwa, Tracy anagwadanso chofulatira, ndowa pambali.

"Dutsani, alembi," anatero. "Sindicheuka."