Maliro a Nangondo

Thoko, mwana wa Fundo, ankafunika magazi tsiku lomwelo, osati mawa. Malungo anali atamuyamwa mpaka zikhatho kuyera ngati za munthu wochokera kuchigayo. Dokotala anamukoka chikope, n'kusuzumira, n'kunena mosapsatira kuti magazi ogwirizana ndi mwanayo atha m'chipatalamo, choncho abale apeze munthu dzuwa lisanalowe. Fundo anapinda mkono wa malaya pomwepo, koma anamubweza, poti nayenso anali atangodzuka kumene pamphasa ya malungo omwewo. Elube, mkazi wake, anali woyembekezera.

"Pitani mukatenge achimwene," anatero Elube. "Ankapereka magazi ali kusekondale. Anawauza kuti awo amalowa mwa wina aliyense."

Achimwene akewo anali Cuthbert, mlamu wake wa Fundo, malume ake a Thoko. Apa ndiye panali minga, chifukwa sabata imeneyo awiriwa ankadutsana ngati sadziwana. Ndipo musaganize kuti anayambana za malire a munda kapena za thumba la feteleza, zinthu zoti amuna n'kutukwanirana. Ayi ndithu. Anayambana za masewera a pafoni.

Masewerawo anyamata a ku Lisasadzi ankangowatchula kuti Malinga. Ukalowamo umasankha mbali, ndipo ukasankha wasankha, kusintha kulibe. Mbali ina ndi a Matalala, anthu a kumapiri ozizira okwera njati zoyera. Ina ndi a Makala, osula malupanga m'mapanga a moto. Umamenyana ndi anthu enieni, wina ali ku Lilongwe, wina ali kutsidya kwa nyanja, kulandana mipanda ndi zitsime. Fundo anasankha a Matalala, zodabwitsa kwa mlimi wa fodya, munthu amene amayamba kupemphera akangomva kamwala kagunda pamalata. Cuthbert anasankha a Makala popanda chifukwa china koma kuti apeze pomuputira mlamu wake. Si mukudziwa chilamu, nthabwala zake sizikhala ndi mabuleki.

Chimene chinamukoka Fundo chinali mfumukazi ya a Matalala. Dzina lake lenileni linkapinda lilime, ndiye anyamata anangomupatsa mfunda, Nangondo. Anali mkazi wa diso limodzi, wosadziwa kuthawa, woyenda patsogolo pa asilikali ake nkhondo ikavuta. Fundo ankamukonda moti Elube anafunsapo ngati ayambe kufulula thobwa la chinkhoswe cha mkazi wachiwiri.

Ndiye eni masewerawo, anthu a kutali amene sanapondepo Kasungu, anawonjezera nkhani yatsopano, ija amati apudeti. M'nkhaniyo mafumu a Makala anaitana Nangondo kuti adzapangane za mtendere, iye n'kubwera wopanda lupanga. Atagwada kuti amwe madzi a pangano, anamudula mutu. Nkhanza yake inali pakuti aliyense wa Makala ankayenera kumugwira yekha mikono Nangondoyo, podina pafoni ndi chala chake, apo ayi masewera sapitirira. A Matalala ankangoonerera ali kuseri kwa mpanda, mabatani onse atauma.

Kunatentha. Pagulupu ya osewera a m'boma lonse mauthenga ankagwa ngati mvula ya mu Januwale. Mphunzitsi wina wa ku Mtunthama, wa Makala yemwe, analemba ndime zitalizitali kuti olemba nkhaniyo awasandutsa afiti popanda kuwafunsa, ndipo iye sadina, bola aleke masewerawo. Mlonda wa nyama wa ku Lifupa anamuyankha kuti nkhondo ndi nkhondo, wofuna mtendere apite kukwaya. A Matalala ena ankalumbira kuti mutu uja unali wa munthu wina, Nangondo adzatulukira, pomwe ena ankati akangodziwa kumene olembawo amakhala akawaotchera nyumba. Pamalo otchajira mafoni anyamata awiri anang'ambirana malaya, foni ya wina n'kugwera m'chiwaya cha tchipisi. Cuthbert ndiye anadina mosangalala, n'kujambula kanema wake, ndipo m'mawa uliwonse ankamutumizira Fundo mutu uja ukugubuduka, pansi pake atalemba kuti, "Mwadzuka bwanji alamu?" Fundo anamuyankha ndi mawu oti sangabwerezedwe pamaso pa apongozi, ubale n'kuzizira.

Ali pakhonde la chipatala, Fundo anameza ukali wonsewo n'kumuimbira. Cuthbert anadula. Anaimbanso, anadulanso, kenako kunabwera mutu uja. Fundo ali mkati molemba kuti mwana wafooka, foni inathima. Moto anali ataumaliza yekha m'mawa, akuwerenga zotukwanizana pagulupu mwana ali padiripi, ndipo zimenezi zinamuchititsa manyazi kwambiri. Anathamangira pageti, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza, n'kumuuza mwini wake kuti asaone mabampu, mwana akudikira magazi.

Inali nyengo yosankha fodya. Msewu wonse unkanunkha fodya wouma, ngolo zodzaza mabelo zikukwawa m'fumbi, anthu ali tsonga m'zigafa kumanga ndi kusanja. Fundo sanaone chilichonse. Ankangoyeseza mawu mumtima. Ngati pafunika kugwada agwada. Anena kuti a Makala ndiwo amuna, Nangondo anali chitsiru, chilichonse chimene mlamu wake akufuna kumva, bola akwere njingayo.

Atafika pamphambano yolowera kwa Fundo, asanafike kwa Cuthbert, wakabaza anathimitsa injini mwadzidzidzi n'kuvula chipewa.

Panjirapo panali masamba. Nthambi zaziwisi za mango zinali zitayalidwa mopingasa, monga achitira pakagwa maliro kuti odutsa atsike panjinga. Njira imeneyo sinkapita kwina, inkathera pakhomo pa Fundo ndi pachigafa chake. Chapatali kunkamveka nyimbo ya maliro, mawu a amuna okhaokha, yokoka pang'onopang'ono.

"Pepani, bambo," anatero wakabaza. "Uthenga watipitirira panjira."

Fundo anatsika n'kugwada pafumbi. Mwana anamusiya akupuma, inde, koma kupuma kwake kotani? Ndiye kuti Elube wabwereka foni kwa wina, wauza kumudzi, iye ali panjira kuyeseza mawu. Anadzuka n'kuyamba kuthamanga akulira mokuwa, kulira kwa mwamuna wamkulu kosakoma kumva, akuitana dzina la mwana wake. Anadutsa pakhomo pake, chitseko chili chotseka, pakhonde popanda mayi ndi mmodzi yemwe. Akadakhala ndi mutu akadadabwa, maliro anji opanda amayi? Koma anangotsata nyimbo mpaka kuchigafa.

Amayi ndi akuluakulu onse anali kuminda kukumba mtedza, n'chifukwa chake panalibe woletsa chibwana cha mchombo lende chimenechi. M'chigafamo, pakati pa milu ya fodya, munali Cuthbert ndi anzake awiri a Makala, Success ndi Amosi. Pamwamba pa jeke, chimakina chija amadindira mabelo, anali ataikapo katoni ya sopo yokutidwa ndi chitenje, nkhata ya maluwa a dzungu ili pamwamba pake. Cuthbert anavala jekete lakuda la kutchalitchi, foni ili m'manja kujambula kuti gulupu yonse ione.

"Afika anamfedwa," anatero Cuthbert, akulimbana ndi kuseka. "Alamu, khalani pamphasapo. Mayi Nangondo atisiya. Thupi lilipo, koma mutu tikuufunafunabe."

Success ndi Amosi anaphulika nako kuseka. Fundo anaima pakhomo, misozi ndi mamina zili chuchuchu, maso ali pakatoni ija. Inali yaing'ono, yokwana mwana bwinobwino. Anaikankha, inagwa pansi n'kutseguka, ndipo munatuluka zitsononkho ndi mapesi a fodya.

Mwana ali moyo ndiye kuti. Mukadayembekeza kuti munthu apume, athokoze Mulungu, anene chimene wabwerera. Koma mantha aja atachoka, pamalo pake panakhala ukali umene Fundo anali asanaumvepo chibadwire. Anasolola mkangala, ndodo ija amapachikapo fodya, n'kumumenya nawo Cuthbert pakamwa. Foni inauluka. Pakumenya kwachiwiri ndodo inathyoka.

"Alamu, n'zocheza," anatero Cuthbert, dzanja lili pamlomo wong'ambika. Ankasekabe pang'ono, kuseka kwa munthu amene sanamvetse chimene chachitika, ndipo kusekako ndi kumene kunamupweteketsa.

Fundo anamudumphira, onse n'kugwera pamulu wa fodya wosankhasankha, thukuta la chaka chonse likunyenyeka pansi pawo. Cuthbert sanali munthu wamasewera pankhani ya mphamvu, anali wozolowera kukunga jeke yekha, ndipo ataona kuti zafika posauzana anabweza. Anamuponya chibakera pamphuno, china m'nthiti, kenako n'kumukhalira pachifuwa atamukanyanga pakhosi. Amosi anayesa kuleretsa, anakumana ndi chigongono m'mano n'kukhala pansi akulavula. Success anathawa akukuwa, kulowera kuminda. Fundo anayamba kuona mdima. Anamuluma mlamu wake padzanja mpaka anamva mchere mkamwa, uku dzanja lake likupapasa pansi, ndipo linapeza chitsulo chopotera jeke.

Anamumenya nacho pamutu, pamwamba pa khutu. Kunamveka ngati dzungu lagwa pangolo. Cuthbert anapendekeka n'kugwera kumbali, mkono atautukula kuti atchinge nkhope. Fundo anadzuka n'kumenyanso pamkono womwewo, fupa n'kutulukira kunja. Akadamenya kachitatu wakabaza akadapanda kumugwira kumbuyo.

"Mupha munthu, bambo," anatero wakabazayo. "Si ameneyu mumati tikudzatenga?"

Chitsulo chinagwa. Magazi ankatuluka m'mutu mwa Cuthbert ngati paipi yobooka, kunyowetsa jekete, kulowerera m'fodya, ena kuyenderera pansi kulunjika pakhomo. Fundo anagwada n'kutseka balalo ndi manja onse awiri, koma magazi ankadutsa m'mipata ya zala. Anatola chitenje cha pakatoni chija, n'kuching'amba ndi mano, n'kumanga mutu ndi mkono. Chinafiira asanamalize mfundo.

"Alamu," anatero Fundo. "Alamu, dzukani. Thoko akufuna magazi. Ndabwerera inuyo."

Cuthbert anatsegula diso limodzi. "Thoko? Si ndi malungo wamba aja?"

"Wafooka. Akuti lero lomwe."

"Bwanji osanena?"

"Ndinaimba."

Cuthbert anatsinzina, ndipo kwa kanthawi Fundo anaganiza kuti wakomoka. Kenako anayesa kudzuka, chigongono chikuterereka m'magazi ake omwe.

"Tiyeni nanga," anatero motsitsa. "Ndikapereka."

Anamukweza panjinga, pakati pa wakabaza ndi Fundo. Akutuluka anakumana ndi amayi akuthamanga kuchokera kuminda, makasu ali m'manja, ena atayamba kale kulira osadziwa wolira. Wakabaza anangoliza hutala n'kudutsa pakati pawo. Ulendo wonse Fundo anamufungatira mlamu wake kumbuyo, mutu uli pachifuwa pake, akumva chinthu chofunda chikutsika m'malaya mpaka m'chiuno. Ankamulankhulitsa kuti asagone, kumufunsa za mitengo ya kuokushoni, za ng'ombe, za chilichonse. Poyamba Cuthbert ankayankha ndi mphuno, kenako analeka.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Anamwino anamuika Cuthbert pabedi la matayala n'kuthamanga naye kuchipinda chosokera mabala. Patapita kanthawi dokotala yemwe uja anatuluka akuvula magolovesi.

"Ameneyu ndi uja mumakatenga?" anafunsa.

Fundo anavomera ndi mutu.

"Sangapereke. Iyeyonso akufunika kuthiridwa. Pezani anthu ena, tsopano odwala ndi awiri, ndipo fulumirani."

Elube anatuluka m'wodi ya ana akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Wina anali atamuuza kale. Sanakuwe, sanatukwane. Anamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumphuno yotupa mpaka kumapazi, malaya atamatirira pathupi, thalauzi litada bii.

"Magazi amenewa ndi a achimwene?" anafunsa.

"Eya."

"Onsewa?"

Fundo anayang'ana malaya ake.

"Ndinakutumani kuti mubwere nawo ali m'thupi mwawo, bambo a Thoko," anatero Elube. "Inu mwabwera nawo pamalaya."

Anatembenuka n'kubwerera kwa mwana. Fundo anatsala pakhonde, ntchentche zitayamba kumutera, akuyang'ana kugeti ngati kungalowe munthu aliyense womudziwa.