Nsalu yoyera ya m'chiwongolero

Sadaka ya masiku makumi anayi itatha, abale a malemu Twaibu ananyamuka osatsanzikana ndi Jamali. Mpunga umene iye anabweretsa anadya, tiyi anamwa, koma dzanja lake palibe analigwira. Mchemwali wake Mwanabibi, mkazi wa malemuyo, anaziona zonsezi ali m'nyumba, posuzumira pa katani ya pakhomo, ndipo zinamuwawa kwambiri.

Nkhani yake inali ya galimoto. Nyanja ya Chilwa itadzazanso pambuyo pouma mu 1995, matemba anabwerera ambiri, ndipo Twaibu ndi mlamu wake Jamali anagula mapikiapu awiri ofanana pa okushoni ya bungwe lina limene linkatseka ntchito zake ku Zomba. M'mawa uliwonse ankatsogozana kuchokera pa Kachulu, madengu a nsomba kumbuyo, amalonda atakhala pamwamba pa madenguwo. Anthu ankangoti amapasa adutsa.

M'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti, mu 1999, Twaibu anagunda bampu poyandikira kamlatho kena. Silinali bampu lachilendo, ankalidutsa tsiku ndi tsiku. Mayi wina wamalonda amene anakhala naye kutsogolo anati anangomva phuu ngati mfuti, kenako nsalu yoyera inatumphuka m'chiwongolero n'kumuphimba Twaibu kumaso. M'galimoto munadzaza fumbi loyera. Galimoto inasiya msewu n'kugubuduzikira mumtsinje wouma. Amalondawo anavulala koma anachira. Twaibu, amene lamba wake ankamumangira kuseri kwa mpando kuti asamamusowetse mtendere, anamwalira asanafike kuchipatala.

Amuna amene anapita kukaona galimotoyo anapeza nsaluyo ikulendewera pachiwongolero, yoyera mbee, yosokedwa bwino. Kwathu kuno nsalu yoyera timaidziwa ntchito yake. Dzuwa lisanapendeke, mudzi wonse unali utagwirizana kuti munthu wina anamusokereratu Twaibu sanda yake. Ndipo poti milandu yotereyi siichedwa kupeza mwini wake, maso onse anagwera kwa Jamali. Ndani wina akanapindula potsala yekha pamsewu wa Kachulu? A Saidi, mkulu wake wa Twaibu, anafunsa funso limeneli mokweza pochokera kumanda.

Jamali ankangodzuka n'kuliza galimoto yake, chifukwa ana atatu a mchemwali wake tsopano ankayang'ana iye. Amalonda ena anasiya kukwera galimoto yake. Anaonda, ndipo kumzikiti ankakhala mzere wakumbuyo. Mwanabibi ankadziwa mumtima kuti mchimwene wake sangaphe munthu, koma mmene nsaluyo inalowera m'chiwongolero, nayenso sankadziwa.

Patatha sabata kuchokera pa sadaka ija, kunabwera a Bizweki ndi akazi awo a Virginia kudzapepesa maliro. A Bizweki anali dalaivala wa ambulansi, Mkhristu wa m'mudzi woyandikana nawo, ndipo ngozi inachitika iwo ali kumpoto pantchito. Mwanabibi anali adakali pa eda, masiku amene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala pakhomo, choncho a Virginia analowa m'nyumba, a Bizweki n'kukhala pakhonde. Ankalankhulana katani ili pakati.

Atamva za nsalu yoyera, a Bizweki anafunsa ngati m'galimoto ya malemu munkayaka kanyali kofiira pafupi ndi chiwongolero. Mwanabibi anakumbukira. Kankayaka, ndipo Twaibu anamatapo pulasitala kuti kasamamuthobwe m'maso. Ka m'galimoto ya Jamali katayambanso kuyaka, iye anapempha pulasitala yemweyo kwa mlamu wake.

"Mayi, imene ija si sanda," anatero a Bizweki. "Ndi thumba la mpweya. Amaikamo ndi opanga galimoto omwe. Galimoto ikawombana ndi inzake, thumbalo limafufuma msanga kuti mutu wa dalaivala usamenye chitsulo. Koma pabampu chabe siliyenera kutuluka ayi. Likatero ndiye kuti pali chimene chalakwika."

Anafotokoza kuti galimoto ina ya kuntchito kwawo, ya mtundu womwewo, inaitanidwa ku Blantyre miyezi yapitayo kuti akaisinthe kachipangizo. Eni ake analandira kalata yochokera ku kampani yogulitsa galimotozo. Ndiye anafunsa ngati pakhomopo sipanabwere kalata iliyonse.

Kalata inabweradi. Inafika kudzera kusukulu, kumene makalata a m'mudzi amafikira, itatumizidwa ndi kalaliki wakale wa bungwe lija. Inali ya Chingerezi, yokhala ndi chidindo chofiira. Twaibu sukulu analekezera sitandade folo, choncho anangotolamo dzina la Blantyre ndi manambala a galimoto ziwirizo. Tsono iye ndi Jamali anali asanasinthe dzina pa bulubuku, mapepala anali adakali m'dzina la bungwe. Twaibu anangoti basi, akufuna kutilanda magalimoto. Kuti akapemphe aphunzitsi amuwerengere, anaopa kuti nkhani imveka mudzi wonse. Anauza mkazi wake kuti aibise, asauze munthu, ngakhale Jamali.

Mwanabibi anakoka sutikesi pansi pa bedi. Kalatayo inali pansi pa makadi a sikelo a ana, yosapindika n'komwe. Anaipereka kwa a Virginia, iwo n'kuitulutsa panja.

A Bizweki anaiwerenga chamumtima kawiri. Mwanabibi anawapempha kuti asamubisire kanthu. Iwo anamasulira pang'onopang'ono. Kampani inkapepesa kuti m'galimoto za mtundu umenewu mwapezeka kachipangizo kolakwika, kamene kangatulutse thumba la mpweya pamsewu wa mabampu popanda ngozi iliyonse. Inkapempha aliyense amene ali ndi galimotoyo kuti aonane nawo mwamsanga. Kukonza kwake kunali kwaulere. Za kulanda munalibemo ngakhale liwu limodzi.

"Inalembedwa liti?" anafunsa Mwanabibi.

"Mwezi wa Epulo, mayi."

Miyezi inayi kalatayo inagona pansi pa bedi limene Twaibu ankagonapo, ndipo amene anaiika pamenepo ndi manja ake anali Mwanabibi. Analira kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la maliro. A Virginia anamugwira paphewa n'kumuuza kuti iye anangochita zimene mwamuna wake ananena, koma mawu amenewo sanamutonthoze.

A Bizweki anadikira kuti kulirako kuchepe. Kenako ananena chimene chinkawavuta mumtima. Pakalatapo panali manambala awiri, ndipo yachiwiri inali ya galimoto ya Jamali. Nthawi imeneyo n'kuti Jamali ali pamsewu, akubwerera kuchokera ku Zomba, kudzera pakamlatho komwe kaja.

Masana onse Mwanabibi anakhala pafupi ndi chitseko, kutchera khutu. Galimoto italowa pabwalo chakumadzulo, anangokhala pansi pomwepo.

Inu mungaganize kuti Jamali anathokoza. Ayi ndithu. Anamvetsera zonse, kenako anayamba kupereka zifukwa. Nsomba zinali pachimake, galimoto siingaime. Za ulerezo sanakhulupirire, anati azungu a ku Blantyre akangoona bulubuku, galimoto yapita. Komanso akangoyamba kutsegulitsa chiwongolero, abale a Twaibu adzati wapita kukachotsa mankhwala ake. Anati ngati nsaluyo ilimodi, mawa apita kwa makanika wa pa Kachulu akangoitumbula ndi mpeni.

A Bizweki anakana zimenezo. Anati thumbalo lili ndi mphamvu ngati wonga, munthu wosalidziwa likhoza kumuphulikira kumaso. Ndiponso thumba labwino ndi lopulumutsa moyo, makamaka dalaivala akamanga lamba, choncho si lochotsa, ndi lokonzetsa kwa eni ake. Jamali anangopukusa mutu, nasiya kiyi pamphasa, napita kuseri kukatawaza kuti aswali.

Pobwerako kiyi panalibe. Mwanabibi anali atamumanga pakona ya chitenje chake, mfundo ziwiri.

"Achimwene," anatero ali kuseri kwa katani, "kalata ndinabisa, bambo a ana anga ali kumanda. Lero ndabisa kiyi. Ndikalipireni mmene mungathere, bola mundikalipire muli moyo."

Jamali anakhala pakhonde nthawi yaitali, atagwira mutu.

M'mawa mwake iye ndi a Bizweki anakwera minibasi ya ku Zomba, nakaimba foni papositi ofesi pa nambala imene inali pakalatapo. Mayi amene anayankha anati iwo amayang'ana nambala ya galimoto, osati dzina la mwini wake, ndipo kulanda galimoto si ntchito yawo. Atamva za imfa ya Twaibu anapepesa, nati galimoto yotsalayo isayende ngakhale pang'ono, atumiza makanika wawo kumudzi komweko. Analangizanso Jamali kuti akasinthe dzina pa bulubuku, kuti mawa makalata otere azimupeza iye mwini osazungulira.

Galimoto inaima masiku asanu ndi limodzi. Jamali ankangozungulira pabwalo, kumvera magalimoto a anzake akudutsa ndi matemba. Ankalankhula ndi aliyense kupatula mchemwali wake, koma chakudya chake ankadya.

Makanika anafika Lachiwiri m'mawa. Mwanabibi anali atatuma uthenga kwa a Saidi kuti abwere adzaone okha, ndipo anabweradi, naima patali manja ali kumbuyo. Anthu anadzaza pabwalo, poti nkhani ya sanda aliyense ankafuna kuiona mathero ake. Makanikayo anasintha kachipangizo kaja, nasinthanso thumba lomwe. Anamatula pulasitala n'kuliza galimoto. Kanyali kofiira kanayaka pang'ono n'kuzima. Anauza Jamali kuti kazitero nthawi zonse, ndipo tsiku limene kadzakane kuzima, asadzakamate, adzaimbe foni.

Kenako anati thumba lakalelo sangalisiye lili ndi mphamvu. Analitengera m'munda wokolola kale, nalumikiza mawaya aatali, nauza anthu onse kuti aime kutali. Atagunditsa mawayawo pa batire, panamveka phuu, nkhuku n'kubalalika. Fumbi loyera litachepa, pansi panali nsalu yoyera mbee, yosokedwa bwino, yofanana ndendende ndi imene inapezeka m'galimoto ya Twaibu.

Aliyense anaona kuti munthu amene ankamunena kuti anasokera mlamu wake sanda, nayenso ankayenda nayo yake pachifuwa, tsiku ndi tsiku, pamabampu omwewo. A Saidi anadikira kuti nsaluyo izizire, anaitola, naona manambala a kufakitale osindikizidwa m'mphepete mwake. Anaisiya pansi, nayenda mpaka pamene panaima Jamali.

"Alamu, tinakulakwirani," anatero, natambasula dzanja. Jamali analigwira ndi manja onse awiri.

Mwanabibi zonsezi sanazione. Anali m'nyumba, ndipo chimene chinamufika ndi phokoso lokha lija. Anadziwa kuti limenelo ndi phokoso lomaliza limene Twaibu anamva pa dziko lino. Anagwira ana ake awiri amene anali pafupi, misozi ikutsika. Patapita nthawi anamasula mfundo ziwiri zija, natulutsa dzanja kunja kwa katani. Jamali analandira kiyi, nati, "Zikomo, achemwali."

Kalatayo siinabwererenso m'sutikesi. Mwanabibi anapempha kuti iwerengedwe poyera, m'Chichewa. Inawerengedwa kumzikiti Lachisanu, kutchalitchi kwa a Bizweki Lamulungu, ndi pa Kachulu pamene madalaivala amadikira nsomba. Zinapezeka kuti bungwe lija linagulitsa magalimoto otere asanu. Atatu enawo anapezeka, imodzi mpaka ku Songani, ndipo onse anakonzedwa mvula isanagwe. Jamali anasintha dzina pa bulubuku, namasula lamba kuseri kwa mpando. Masiku ano samanyamuka asanamange lamba, ngakhale anzake amamuseka kuti akuyendetsa ndege.

Anzathu okhala ndi magalimoto, kalata yochokera kwa ogulitsa galimoto si yobisa. Ngati chilankhulo chake simukuchimva, pemphani aphunzitsi, azaumoyo kapena mnzanu wodziwa akuwerengereni tsiku lomwelo. Akaitana galimoto kuti ikakonzedwe chifukwa cha cholakwika cha kufakitale, salanda ndipo salipiritsa. Mukagula galimoto yakale, sinthani dzina pa bulubuku kuti uthenga uzikupezani. Kanyali kofiira kakayaka osazima, musakamate pulasitala, ndipo thumba la mpweya musalipereke kwa munthu wa mpeni. Mangani lamba ulendo uliwonse. Mwanabibi amauza aliyense womufunsa kuti kuwerenga kalata ija kunatenga mphindi zisanu zokha, ndipo iye anazichedwetsa miyezi inayi.