Kamsilikali ka Nyambo

A Yesaya anali atatchula kale njinga ndi malata pamene anafika pa nkhani ya minda. Panali patatha masiku anayi chiikireni mkulu wawo, a Chrispin, ndipo achibale anadzaza khonde kudzagawa za malemu. Tionenji, mwana woyamba wa malemuwo, ankadziwa kuti ndime ya mpunga ya ku Chinguluwe ikapita, mayi ake alibenso podyera.

Koma mantha analibe. Bambo ake anamulera pa bolodi la tchesi, ndipo masewera onse ankawayamba mofanana. Ankakankha kamsilikali ka patsogolo pa mfumukazi, mnzawo akatsekereza ndi kake, iwo n'kukankhanso ka pambali kuti kadyedwe dala. Ankati wadyera akakadya, kamsilikali kake kamachoka pakati, pomwe pamadutsa njira zonse. Kako kotayikako umadzakabweza pambuyo pake, mosapupuluma.

Choncho Tionenji anagwada, n'kupempha bambo ake aang'onowo kuti atenge munda wa kumsewu, waukulu bwino, wokopa aliyense wodutsa. Za ndime ya mpunga ija, yapakati, yogundana ndi ngalande ya madzi, sanatchule n'komwe.

Azakhali anayamikira kuti mwanayu ngwaulemu. A Yesaya anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka misozi. Kuseka kutatha, misoziyo sinaleke.

"Iwe Tionenji, nyambo imeneyi ndaimeza zaka makumi atatu," anatero. "Ukuyesa bambo ako ankaiyeserera pa ndani?"

Manyazi anamugwira Tionenji, koma atamutuma kukatenga bolodi, anapita. Atabwera nalo, anayamba masewera monga ankayambira bambo ake. Kamsilikali ka nyambo katafika pakamwa pawo, a Yesaya sanakadye. Anangosuntha kena sitepe imodzi kulimbitsa pakati.

"Lero ndakana," anatero. Anavomera pamaso pa onse kuti anabwera ndi mtima wotenga minda yonse iwiri, koma tsopano yonse itsale ndi mlamu wawo.

Masewerawo sanawayendere bwino. Dzuwa lisanafike pamutu, mfumu yawo inali itapanikizika pakona, ndipo kunatsala kusuntha katatu kuti agonje. Tionenji anayang'ana bolodi, anayang'ana nkhope yotopa ya bamboyo. Anagwira ngodya ziwiri za bolodilo n'kulitembenuza pang'onopang'ono, mbali yopambana n'kukhala yawo.

A Yesaya anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Nawenso ankakuchitira zimenezi?" anafunsa.

"Tsiku lililonse, bambo. Sewerani."