Ndani Angafunse Azakhali?

Melenaite anali namwino wodzitama, ndipo chodzitamira chinalipo. M'midzi itatu ya pachilumba cha Vava'u imene ankayang'anira, mwana sankamuzemba. Lachiwiri lina atamva kuti chikuku chagwira ana awiri pachilumba choyandikana, anatsegula kaundula wa katemera akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Dzina lililonse linali lochonga, kupatula limodzi: Kalolaine, wa chaka ndi miyezi inayi, mwana wa mchimwene wake Taniela. Dzinalo anamutcha yekha, poti ndiye anali zakhali wamkulu.

Nyimbo inathera pakhosi. Ananyamula kabokosi kozizira ka mankhwala, nakwera njinga yamoto, liwiro la mtondo wadooka.

Kwa Taniela anapeza mlamu wake Pelenaise akusenda chinangwa.

"Mwana ali kuti?"

"Kwa amayi anga, alamu. Kwagwanji?"

"Sanabayidwe wa chikuku! Miyezi inayi yonseyi chikwanireni chaka mumadikira chiyani, lipenga lomaliza?"

Pelenaise anagwetsa mpeni. "Ife timati munamubaya kale. Si amagona kwanu Loweruka lililonse?"

"Ndiye majakisoni ndimasunga kunsi kwa pilo? Kwera!"

Pelenaise anakwera kumbuyo, chinangwa chili m'manja. Kwa mayi ake anapezako nkhumba zokhazokha, zomwe zinabalalika ndi mfuu. Mnansi anakuwa pawindo kuti agogo apita ndi mwana kuholo ya tchalitchi. Pokhota pamseu chinangwa chinauluka, galu n'kuchithamangira, Pelenaise n'kuyamba kuseka ngati wapenga. Melenaite naye kuseka kunamutulukira m'mphuno, ngakhale mtima unali phaphapha ndi mantha.

Kuholo amayi khumi ndi awiri anali atazinga nsalu ya makungwa, akuipaka utoto. Kalolaine anali pakati pawo, utoto wofiirira mpaka m'makutu.

"Taonani azakhali abwera ndi mphatso!" anatero mayi wina. Atamva nkhani, holo yonse inagwa ndi phwete. "Mwana wa kunyumba ya namwino? Asa! Mmisiri denga lake limadontha ndithu!"

Melenaite anagwada, napukuta kadzanja ka mwanayo ndi thonje, nafunsa mlamu wake motsitsa mawu: "Khadi lake sunaone kuti palibe chalembedwa?"

"Ndinaona."

"Osandifunsa?"

Kuseka kunazilala. Pelenaise anayang'ana pansi. "Azakhali amafunsidwa, alamu?"

Zinali zoona. Kwawoko mlongo wa bambo ndiye amalandira mkeka woyamba paukwati, ndiye amadya mbali yonona ya nkhumba, ndipo akadutsa salankhulidwa chamwano. Melenaite ulemu umenewo ankaukonda kwambiri. Iyenso ankangoganiza kuti Pelenaise anabwera naye mwanayo kuchipatala mwezi umene iyeyo anali kumaphunziro kumzinda wa Nuku'alofa. Anachita manyazi mpaka makutu kutentha.

Jakisoni analowa. Kalolaine anatsegula kukamwa, kenako kulira kwake kunamveka mpaka kumseu, amayi aja akuomba m'manja. Melenaite anamutambasulira manja mwachizolowezi, koma mwanayo anamukankha, nakabisa nkhope pachifuwa cha mayi ake.

Melenaite analemba tsiku pakhadi, nalipereka kwa Pelenaise ndi manja awiri.

"Pali jakisoni wachiwiri. Tsiku likakwana ubwere undifunse. Ndikakalipa, undifunsenso."