Mabatani a Kumanzere

Bambo ake anasowanso Lachiwiri m'mawa. Kaphwasule anangopita kukawatulira madzi osamba, pobwerako anapeza chitseko chili chotsegula, nsapato zawo palibe. Aka kanali kachitatu mwezi womwewo.

Anathamanga ndi silipasi imodzi. Anakawapeza pamphambano, pakati penipeni pa msewu, atavala jekete ndi tayi pamwamba pa malaya ogonera, galimoto zikuliza mahutala uku ndi uku. Dalaivala wa lole anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Mayi inu, musungeni mdala wanuyu, atipalamulitsa!"

"Bambo, tiyeni kunyumba," anatero Kaphwasule akuwagwira mkono.

"Pepani mayi, ndisiyeni. Ndachedwa kuntchito."

Ntchito yake iti? Anapuma zaka makumi awiri zapitazo. Kampani yonyamula katundu kumene anali kalaliki inatha kalekale, pamalopo anthu akutsukirapo galimoto. Koma tambala akangolira, mdala uja miyendo imamuyabwa. Ndipo mawu akuti "mayi" aja ndiwo ankamulasa Kaphwasule kuposa zonse. Dzina lakelo anamupatsa ndi bambo omwewa, tsiku limene anaphwasula wailesi yawo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri n'kulephera kuibwezera. Dzinalo linamera mizu, mpaka chikwangwani cha pashopu yake yokonza makompyuta akale, imene inali kumaso kwa nyumba yomweyo, chinalembedwa dzina lomwelo. Tawuni yonse inkamuitana choncho, kupatula amene anamupatsa dzinalo. Panali patatha zaka ziwiri bambo asanalitchule.

Masana kunabwera achimwene ake, woyamba kubadwa, munthu wosazungulira polankhula. Sanakhale n'komwe pansi. Anatulutsa loko watsopano m'thumba n'kumuika patebulo pakati pa mawaya, kuti gwa!

"Loweruka ndikubwera ndi kalipentala. Tiika ameneyu pachitseko cha kuchipinda kwawo, kunja kwake."

"Achimwene, bambo si mbuzi."

"Ndiye ukufuna tikawatole ndi fosholo pamsewu? Iwe uli pano kusisita zigoba zakozi, iwo ali pakati pa malole. Ndikunama?"

Sankanama, ndipo n'zimene zinkapweteka. Kaphwasule anangoti, "Ndipatseni mpaka Loweruka lomwelo. Ndikawapezera kompyuta yawo ija, akhala pansi."

"Unanena zomwezo mwezi watha."

Zoona, ananena. Mushopumo munali makompyuta makumi atatu ndi imodzi, ena achikasu ngati mano a wosuta fodya, onse otoledwa m'masukulu, m'maofesi otsekedwa ndi kumtaya, onse atakonzedwa ndi manja ake mpaka kuyaka. Anawakhazikapo bambo pa iliyonse. Ankayang'ana, kugwira batani limodzi, n'kudzuka. "Iyi si yanga." Akawafunsa kuti yawoyo inali ya mtundu wanji, ankayankha modabwa kuti, "Ya kampani." Chithunzi panalibe. Anzawo a kuntchito onse anatsogola. Tsono munthu ungafune bwanji chinthu chopanda dzina?

Lachitatu m'mawa anakhoma zitseko zonse, makiyi n'kuika m'thumba la epuloni, ndipo anachita manyazi poona kuti wayamba kale kuchita za achimwene zija. Bambo anazungulira nyumba yonse, kugwedeza chitseko ichi, kugwedeza icho, kusuzumira pawindo, kuyang'ana pamkono pomwe panalibe wotchi. Atatopa anakhala patebulo, tiyi akuzizira. Kaphwasule anakhala moyang'anana nawo, mutu uli gwa, maso akungoyendayenda pamatabwa. Ndi pamene anaona zala zawo.

Zala zimenezi anali ataziona kambirimbiri zikugogoda tebulo, iye n'kumati ndi ukalamba. Lero anaziyang'anitsitsa. Dzanja lamanja linatambasuka kukafika kumbuyo, chakumbali, n'kukankhira m'mwamba chinthu chosaoneka. Kenako chala chachikulu chinatsitsa kanthu kutsogolo, ngati munthu akutseka kachitseko. Anadikira. Ndiyeno zala zonse zinayamba kuvina, koma dzanja lamanzere linkathawa pafupipafupi kupita kumapeto kwenikweni kumanzere, kukagogoda kamodzi, n'kubwerera.

"Mayo ine, chitsiru!" anadzitukwana mokweza.

Makompyuta ake onse mabatani olamulira anali pamzere wa pamwamba. Koma kunali mtundu wina wakale kuposa onsewo, umene mabatani amenewo anali khumi, m'mizere iwiri, kumanzere. Swichi yake inali yaikulu, kumbali chakumbuyo, yokankhira m'mwamba. Disiki yake inali ija yaikulu yofewa, yolowetsa n'kutsekera ndi kachitseko. Miyezi yonseyi ankafunsa pakamwa pa bambo, chonsecho yankho linali m'manja mwawo.

Lachinayi anasiya bambo ndi alamu ake, akazi a achimwene, n'kuyamba kupondaponda tawuni. Kwa wokonza mawailesi, kulibe. Kwa mphunzitsi wina wosunga zakale ngati iye, anapeza kiyibodi yokha ya mtundu uja, ndipo mwini wake anaikumbatira ngati khanda asanalole kusinthana ndi sikirini yabwino koposa ya mushopu mwa Kaphwasule. Kaphwasule anavomera osanenerera. Dzuwa lili paliwombo anafika kwa a Dzimbiri, ogula zitsulo zakutha, amene ankayeza chilichonse pasikelo ngakhale utawabweretsera belu la tchalitchi.

"Bokosi lachitsulo, lolemera, swichi yaikulu kumbali," anafotokoza akupuma mwawefuwefu.

"Mayi Kaphwasule, kuno zonse n'zolemera. Lowani mufufuze nokha, koma njoka ikakulumani si yanga."

Anafukula maola awiri, pansi pa mafiriji akufa ndi zitseko za galimoto. Anaipeza kuseri kwa shedi itasanduka mpando, mlonda ataikapo katoni n'kumakhalira. Chizindikiro cha kutsogolo chinali chitachoka, koma swichi inali pomwe dzanja la bambo linkapita. Anaikankhira m'mwamba ndi chala. Inalira kuti kha!

"Imeneyo ndi mpando wa mlonda wanga," anatero a Dzimbiri. "Akhalira chiyani?"

Anawalonjeza mpando weniweni wa mushopu, wa miyendo inayi. Anaisenza yekha pamutu mpaka pokwerera basi, khosi likuchita kulira.

Lachisanu anaitsegula. Zimene anapezamo, abale! Chisa cha mbewa, mapiko a mphemvu, fumbi loti ungadzalemo mbewu. Anapukuta ndi kaburashi, kutsuka bolodi ya tizipangizo ta m'kati ndi sipiriti, kuyanika padzuwa. Pakhoma la shopu yake panali mawu amene analemba yekha ndi penti yofiira, ouza aliyense wobweretsa chinthu chakale: OSAYATSA USANAYEZE. Ankawanena mpaka makasitomala kutopa nawo. Chinthu chikagona zaka makumi atatu, timakapasita take, tija tosunga mphamvu ya magetsi, timawola m'kati, ndipo ukangotipatsa moto timaphulika. Ankadziwa. Koma kuseri kwa khoma ankamva mapazi a bambo, kupita, kubwera, kupita, kubwera, ndi chitseko chikugwedezedwa. Loko uja anali pomwe achimwene anamusiya, akunyezimira. Anayeza timakapasita tinayi, tonse tabwino. Totsala tinalipo khumi ndi tiwiri.

"Aaa, zili bwino izi," anatero, n'kulumikiza waya.

Phuu! Kamoto kanathetheka, utsi wonunkha n'kukwera mpaka kudenga. Anazula waya n'kudziwotcha chala pabolodi.

Anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kulira ngati mwana. Analira ndi ukali, chifukwa panalibe womuloza chala koma iye mwini. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero bambo akamamuona akulimbana ndi sikuluwu yokana kumasuka. Lero mwambi womwewo unamupeza ali ndi imvi zake.

Atapukuta m'maso anatenga mita yoyezera magetsi n'kuyamba pomwe anayenera kuyambira. Mwayi wake, kanapsa kakapasita kamodzi ndi kanjira kamodzi ka pabolodi. Kanjirako anakalumikiza ndi kawaya kowonda ngati tsitsi. Timakapasita ta msinkhu umenewo tinali mu kompyuta imodzi yokha mushopumo, yoyamba imene anatola ali mtsikana, imene sankalola munthu kuikhudza. Anaiyang'ana kamodzi, n'kutenga sikuludiraiva. Anachotsa kamodzikamodzi, kuyeza, kuwotcherera, kuyezanso. Pamene dzuwa linkapendeka anakankha swichi atatsinzina. Fani inazungulira. Panamveka kulira kamodzi kuti pii, ndipo pakona ya sikirini yakale imene anailumikiza panayamba kuphethira kamzere kobiriwira.

Loweruka achimwene anafika mamawa ndi kalipentala, mkulu wachete wonyamula chikwama cha zida. Anapeza bambo atavala kale jekete ndi tayi, akulimbana ndi chitseko.

"Waona?" anatero achimwene.

Kaphwasule anatsegula chitseko cha pakati cholowera kushopu. "Bambo, ofesi yatsegulidwa. Dzerani kuno."

Analowa mokayika. Anadutsa mashelefu onse osayang'ana, mpaka pa tebulo la pawindo. Pamenepo anaima. Anaima nthawi yaitali moti kalipentala anatula chikwama pansi. Kenako anakoka mpando, kukhala, kukonza tayi. Dzanja lamanja linapita kumbuyo chakumbali. Kha! Anatola disiki imene Kaphwasule anaika pambali, kuilowetsa, chala chachikulu n'kutsitsa kachitseko. Makina anadzuma, kukukuta ngati munthu wotafuna chimanga chokazinga.

Makompyuta amenewa sasunga masiku. Ukangoyatsa, choyamba amakufunsa kuti lero ndi pa chiyani. Bambo sanaganize n'komwe. Analemba deti, ndipo Kaphwasule atasuzumira anaona chaka chimene iye anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Dzanja lamanzere linathawira kumapeto, ndipo ulendo uno linapeza batani likudikira. Zala zinayamba kuthamanga, kiyibodi ikulira ngati matalala padenga la malata. Zimene ankalemba zinali manambala a malole amene anaphwasulidwa kalekale ndi mayina a madalaivala amene anagona kale, koma msana unali chilili, phazi limene masiku onse linkangogwedera litaponda pansi, zii.

Ola linatha. Linanso linatha. Achimwene anakhala pa katoni, akutembenuza loko m'manja. Kalipentala anafunsa monong'ona kuti, "Bwana, tiyambepo?" Iwo anangokweza dzanja kuti adikire.

Itakwana thwelofu, bambo anatsegula kachitseko, kutulutsa disiki, kuzimitsa makina, n'kufunditsa kiyibodi ndi kampango ka m'thumba. Anatembenukira kwa Kaphwasule.

"Mayi, ine ndaweruka. Loweruka timagwira theka. Ndithamangire kunyumba, kuli kamwana kanga kosamva. Ndikachedwa ndikapeza kamasula chinachake."

Anatsegula chitseko cha kumaso, choloza kumsewu. Achimwene anadzambatuka, koma Kaphwasule anawagwira malaya. Bambo anaima pakhonde, kuyang'ana kumanja kumene kunali mphambano ija, kuyang'ana kumanzere. Lole inadutsa ikufwenthera utsi.

"Yachidule ndi iyi, bambo," anatero Kaphwasule, akuloza kanjira ka m'mbali mwa nyumba kopita kuseri.

"Zikomo mayi. Tionana Lolemba."

Atangokhota pakona, Kaphwasule analiyatsa liwiro kudutsa mushopu, pabalaza, mpaka kukhitchini, akugunda mipando, makiyi akumupulumuka m'manja. Anafika pachitseko cha kuseri mapazi awo akumveka kale pamiyala. Achimwene anali pambuyo pake, kalipentala pambuyo pawo.

"Odi kuno!"

Anatsegula. Bambo anaima pakhomo, jekete ili paphewa, nkhope yotopa ngati ya munthu amene wagwiradi ntchito. Anamuyang'ana kumaso, kenako anatsitsa maso n'kuona manja ake, akuda ndi fumbi la masiku atatu, chala chimodzi chomangidwa kansanza. Anapukusa mutu.

"Kaphwasule, Kaphwasule! Manja amenewo. Waphwasulanso chiyani lero?"

Kaphwasule anayang'ana manja akewo.

"Chanu chomwe, bambo. Koma ulendo uno ndabwezera zonse."

"Tikaona," anatero bambo akuvula nsapato. Anasuzumira m'nyumba n'kuona mwana wawo wamkulu ataima ndi mlendo wa chikwama. "Nanga iwe, loko ameneyo ndi wa chiyani?"

Achimwene anayang'ana chimene chinali m'manja mwawo ngati achiona koyamba.

"Ndi wa njinga, bambo," anatero, n'kumuponya m'thumba.